Apongozi Anga ndi Kawaya ka Ndudu Yamagetsi

Ndinayamba kusuta ndili mnyamata, ndipo pamene ndinkalembedwa ntchito kumgodi wa malasha ku Moatize, zala ziwiri za kudzanja langa lamanja zinali zitasanduka kale zachikasu. Ntchito yanga inali yoyendetsa kamiyawu, lole ya thanki, yothira madzi m'misewu ya mumgodi kuti fumbi ligone. Tsiku lonse ndinkazungulira msewu umodzimodzi, kuthira, kukatunga, kudzathiranso, koma pobwerera ndinkapeza pamene ndathira paja pauma kale. Mumgodi sankalola kusuta. Nthawi yopuma ikakwana tinkathamangira kukachisakasa ka malata kunja kwa mpanda, ndipo ine ndinkasuta ndudu zitatu motsatizana, yachiwiri nkuyatsira pa yoyamba.

Tinkakhala ku bayiro ya 25 de Setembro, dera lina la m'tauni ya Moatize, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi. Masiku amenewo mphepo ikachokera kumgodi, zovala zapachingwe zinkada zisanaume. Ine m'mawa uliwonse ndinkayamba ndi kutsokomola kuseri kwa nyumba, nditagwira khoma. Namwino wa kuntchito atandimvetsera pachifuwa anandifunsa ngati ndimasuta. Nditavomera anati fumbi ndi fodya sizingakhale m'chifuwa chimodzi kwa nthawi yaitali, ndisankhe chosiya. Fumbilo ndiye linali ntchito yanga.

Ku ofisina yathu, kokonzera magalimoto ndi makina, kunali makanika wina wochokera ku Joni, wokonza makina akuluakulu okumbira. Iye sankasuta ndudu ngati ife. Anali ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'manja, pamwamba pake kathanki ka galasi, ndipo akadina batani nkukoka, pankatuluka nthunzi yonunkhira ngati masiwiti. Ena ankati ndudu yamagetsi, ife tinkangoti kamakina. Kontaratu yake itatha, anandiitana nkundipatsa kamakina kaja pamodzi ndi kathumba kansalu. M'chipwitikizi chake chothyokathyoka anandilongosolera zambiri, koma ine chimene ndinagwira nchakuti madzi ake amathiridwa apa, bateriya imatchajidwa apa. M'kathumbamo munali mabotolo a madziwo, thonje pang'ono ndi waya wopyapyala wokulungidwa pakagudumu. Mabotolowo ndinawatulutsa, zinazo sindinazilabadire.

Kwa miyezi pafupifupi iwiri sindinakhudze ndudu. Kenako kamakina kanayamba kusintha. Nthunzi inachepa, kakomedwe kanazilala, ndipo tsiku lina nditakoka ndinamva kukhosi ngati ndameza utsi wa sanza yopserera. Ndinapita nako kwa okonza mafoni kumsika. Woyamba anakagwedeza pafupi ndi khutu nkundibwezera. Wachiwiri anati kafa, ndikafune kena ku Tete. Ndinakaponya m'dirowa, ndipo sabata isanathe ndinali nditabwerera kukachisakasa ka malata ndi paketi m'thumba.

Kwawo kwa mkazi wanga ndi ku Zóbuè, kumalire ndi Malawi. Bambo ake, apongozi anga, anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo kumeneko anaphunzira kukonza mawayilesi ndi mawotchi kwa mkulu wina amene iwo ankamusungira katundu wake. Mtendere utabwera anabwerera kwawo nkutsegula munda. M'mawa ankalima, masana ankakhala patebulo lawo laling'ono pakhonde la loja, sitolo ya Msilamu wina, mnzawo wa zaka zambiri, pafupi ndi msewu wa magalimoto opita kumalire. Zida zawo ankazitchula ndi mayina amene anaphunzirira ku Malawi. Ine ndikati bateriya, iwo ankati batire.

Ndinkawaopa. Sanali aukali, sanandikalipirepo, koma anali munthu wosayankhula zambiri, ndipo akakuyang'ana unkayamba kukumbukira zolakwa zako wekha. Fodya ankadana naye. Pa zaka zonse za ukwati wanga sindinasutepo iwo akuona. Tikapita kukacheza ndinkanamizira kukaona munda, nkukasutira kuseri kwa chulu, kenako nkutafuna masamba a mandimu pobwerera.

Tsiku lina mkazi wanga anakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kukaona makolo ake. Atabwerako patatha masiku anayi, anandipatsa moni wa kumudzi, anatulutsa nyemba ndi mbatata zimene anamupatsira, kenako ali chiweramire pathumba anati, "Bambo akukufunani."

"Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Ndinapita nako kamakina kanu kaja, ndi kathumba kake komwe."

Ndinakhala pansi. "Ndiye mwawauza kuti ndimasuta?"

"Inu mumaganiza kuti sadziwa? Masamba a mandimu aja ndi a mtengo wawo."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanangobwera nako ngati kakonzedwa. Anati iye anapempha, koma bambo anakana, anati mwini wake abwere yekha.

Ndinazengereza masabata awiri. Loweruka lina ndinavala malaya abwino nkukwera shapa. Kuchokera ku Moatize msewu umakwera, kutentha kumatsalira m'mbuyo, ndipo pofika ku Zóbuè mphepo ya kumapiri inkalowa m'malaya. Ndinawapeza patebulo lawo, kagalasi kokuza zinthu kali padiso, akuyang'ana m'mimba mwa wotchi. Ndinagwada pambali nkuwapatsa moni. Anayankha bwinobwino, anafunsa za mdzukulu wawo, za ntchito, za mvula. Atatseka wotchi ija anandilozera benchi.

"Khalani apa, akamwini. Pafupi, kuti muzionako."

Anatsegula chitini chakale cha mabisiketi. Kamakina kanga kanali m'menemo kataphwasulidwa, chidutswa chilichonse pamalo pake pansalu yoyera: galasi palokha, kansonga kokokera pakokha, timphira tozungulira tatindandalika kuyambira kakang'ono. Mwini loja, amene anatuluka kudzandipatsa moni, anandiuza kuti apongozi anatha masiku atatu akungoyang'ana, osadina batani ngakhale kamodzi. Tsiku lachinayi anapempha kuti awafufuzire pa foni kanema wa anthu okonza zinthu zotere. Kanemayo anali m'chilankhulo chimene onse awiri sankachimva. Apongozi anauza mnzawoyo kuti atsitse mawu, iwo azingoona manja.

Ananyamula kachitsulo kozungulira kokhala ndi timizati tiwiri. Pakati pa timizatito panali kanthu kakuda bii, konga kachidutswa ka khala.

"Mukukaona aka? Sindinakatsuke dala. Ndimafuna mukaone ndi maso anu."

Anandipatsa kagalasi kawo. Nditayang'ana ndinaona kuti kanthu kaja kanali kawaya kopiringizika, kokutidwa ndi chikhakha chakuda, ndipo thonje lodutsa mkati mwake linali litapserera.

"Inu a ku ofisina mumati bobina," anatero. "Ndi chimodzimodzi waya wa m'feru yositira kapena wa m'mbaula yamagetsi, kungoti aka nkakang'ono. Magetsi akadutsa kamatentha. Thonjeli limamwa madzi m'thanki ngati chingwe cha koloboyi, kawaya nkumawaphika. Madzi anuwa ndi otsekemera, ndiye shuga wake amapserera, amakakamira. Onjezanipo fumbi la kwanu lolowera pamabowo a mpweya. Kamakina sikanafe. Kangoda."

Ndinayembekeza kuti apitiriza, anene za chifuwa changa, za zaka zonse zimene ndasuta. Kawaya kakuda kaja kanali m'manja mwanga, ndipo ndinali nditaweramitsa kale mutu. Iwo anangotambasula dzanja kuti ndiwabwezere.

Anayamba ndi thonje. Analidula mbali imodzi, nkulikoka ndi pinsa, kachitsulo kopanira, pang'onopang'ono kuti kawaya kasapindike. Analumikiza kachitsulo kaja kubokosi la bateriya, anatsitsa mphamvu, nkuyamba kudina batani mwachidule, kudina nkusiya, kudina nkusiya. Panatuluka kautsi konunkha. Kawaya kanayamba kufiira, chikhakha chija nkumasweka.

"Osakakamiza kuti kayake ngati dzuwa. Kangofiira pang'ono, siyani. Mukapitirira kamafooka."

Atakachotsa kubateriya anakatsuka ndi madzi oyera a m'kapu, kakulira tswii, kenako anakakwecha mopepuka ndi mswachi wakale. Anabwereza kawiri. Chimene chinatsala chinali kawaya koyera, mizere yake isanu ndi umodzi ikuoneka payokhapayokha. Anakapukuta, anadikira kuti kaume, nkudinanso batani atatchinga kuwala ndi chikhatho.

"Tayang'anani pamene moto ukuyambira."

Unkayambira kumapeto, pafupi ndi kamzati kamodzi.

"Si choncho. Uyenera kuyamba pakati nkumafalikira kumbali zonse ziwiri. Ukayambira kumapeto, pamenepo thonje lipsa ngakhale likhale latsopano."

Anamanga sikuluu ya kamzati kaja, anapalasa kawaya ndi nsonga ya pinsa, anakafinya pang'ono. Atadinanso, kufiira kunabadwira pakati penipeni nkuyenda mofanana uku ndi uku. Zimenezi palibe anawauza. Anaziona m'manja mwa munthu wa pa kanema uja, nkuzigwirizanitsa ndi mbaula zimene anakonzapo. Ndinayang'ana manja awo, ouma ndi khasu, zikhadabo zong'aluka, akugwira chinthu chopyapyala ngati tsitsi popanda kunjenjemera.

Ndinkaganiza kuti amaliza okha, koma anasuntha mpando nkundipatsa pinsa ndi thonje.

"Lowetsani ndinu. Ine sindikhala ku Moatize."

Ulendo woyamba ndinatenga thonje lambiri. Linakana kulowa, ndinalikoka mwamphamvu, kawaya kanapindika. Ndinachita manyazi kwambiri.

"Pepani, bambo, ndawononga."

"Mwawononga waya, si kanthu. Mnzanu uja anakusiyirani wambiri."

Anadula kachidutswa pakagudumu kaja, nkukakulunga pa sikuludiraiva yopyapyala, akuwerenga chapansipansi mpaka kasanu ndi kamodzi. Anamangirira kawaya katsopanoko, anakayeza ndi kamita kawo koyezera magetsi, nkundichenjeza kuti ndisadzayese kuikapo waya wa kopa kapena wina aliyense wotola. Ndinayesanso. Ulendo wachiwiri thonje linachepa, linkangosereruka. Ulendo wachitatu anagwira dzanja langa nkulikoka nalo limodzi thonjelo kuti ndimve.

"Lizigwira pang'ono, koma liziyenda. Mwamva pamenepo?"

Ndinamva. Tinadula nsonga zake, tinazilowetsa m'timabowo, tinadonthezera madzi mpaka thonje lonse litanyowa. Anatsuka galasi ndi timphira, tinabwezera chilichonse m'malo mwake. Ndinafuna kunyamula, koma anati tidikire kaye thonje likhute. Podikirapo anatulutsa bateriya, nkundionetsa pamene pulasitiki yake inang'ambika. Anaikulunga bwino, nati ndisamaiike m'thumba limodzi ndi makiyi, ndiponso ndisamasiye kamakina padzuwa m'kamiyawu.

Kenako anakaika patsogolo panga. "Yesani timve ngati kali bwino."

Kusuta pamaso pa apongozi, pakhonde, anthu akudutsa, sindikanatha. Ndinangokhala, kamakina kali pamwendo. Iwo anandiyang'ana kamodzi, anavula kagalasi, anaimirira.

"Mnzangayu akuti sikelo yake ikuvuta. Ndikaione."

Analowa m'loja. Ndinazungulira kuseri kwa khoma nkukoka kamodzi. Kanali ngati tsiku loyamba. Nditabwerera ndinakhala pabenchi nthawi ndithu iwo asanatuluke, ndipo ndinkawamva m'katimo akucheza za mtengo wa mapeyala umene unagwa ndi mphepo.

"Kali bwanji?"

"Kali bwino, bambo. Zikomo kwambiri."

Anakhala pansi nkuyamba kupinda nsalu yoyera ija. "Musaganize kuti ndikuti nkabwino. Ine sindikudziwa zimene zili m'madzi amenewa, ndipo ndikukayika ngati inu mukudziwa. Koma mwana wanga wandiuza kuti pamene munkagwiritsa aka simunkagwira khoma m'mawa. Nchifukwa chake ndakakonza. Muzikatsuka sabata iliyonse, osadikira kuti kanunkhe."

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse masana ndinkayala nsalu patebulo la kunyumba nkuphwasula kamakina. Poyamba zinkanditengera ola lathunthu, pambuyo pake mphindi zochepa. Ndinazindikira kuti madzi otsekemera kwambiri amadetsa kawaya msanga, ndipo mwezi wa fumbi ndinkatsuka kawiri. Ndudu sindinabwererekonso.

Nthawi imeneyo timakina totere tinali titayamba kuchuluka pakati pa madiraiva ndi amakanika. Anzanga ataona kuti kanga sikafa, anayamba kundipatsira tawo ndikamapita ku Zóbuè. Kena kanali kamtundu wina, kawaya kake kotsekeredwa m'kachitini kosatsegulika. Apongozi anakaviika m'madzi ofunda, anakayanika masiku awiri, nkundiuza mosabisa kuti kagwira ntchito sabata imodzi yokha, mwini wake akagule katsopano. Zinachitikadi choncho. Koma asanakhudze kalikonse ankayamba ndi funso limodzi: mwini wake ankasuta fodya kale?

Tsiku lina ndili pomwepo kunabwera bambo wina wovala bwino, wa ntchito yothandiza madiraiva kukonza mapepala pamalire. Anaika kamakina konyezimira patebulo nati kakumuwawa kukhosi. Apongozi anamufunsa funso lija.

"Ayi, ine fodya sindinasutepo. Aka ndinangokakonda fungo."

Apongozi anakakankhira kwa iye ndi chala chimodzi. "Ndiye ine sindikonza."

"Simudziwa kakonzedwe kake?"

"Ndimadziwa. Kawaya kada, ndi ntchito yochepa. Koma inu munalibe vuto, ndiye ine ndikuthandizeni kulipeza? Kakuwawani kukhosi, kasiyeni pomwepo."

Bambo uja anakwiya, anati mmisiri ntchito yake nkukonza, osati kulalikira. Apongozi anabwezera kagalasi padiso nkutsegula wayilesi imene inali pamzere. Munthuyo atapita, mwini loja anaseka nati m'loja mwakenso ndudu sagulitsa, koma iye sanathamangitsepo munthu wobwera yekha.

"Sindinamuthamangitse," anatero apongozi. "Akabwera ndi wotchi ndimukonzera."

Ineyo ndinasiya pang'onopang'ono. Ndinayamba kugula madzi a mphamvu yochepa, kenako ndinkaiwala kamakina kunyumba tsiku lonse osavutika. Ntchito ya kumgodi itatha ndinapeza ina yoyendetsa galimoto ya katundu pakati pa Tete ndi malire, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti papita mwezi ndisanakatchaje. Nditawauza apongozi anangoti, "Chabwino," nkundifunsa ngati ndingawanyamulire matumba a fetereza ulendo wotsatira. Mkazi wanga ndiye anadzandiuza kuti madzulo a tsiku limenelo bambo ake anapha nkhuku popanda mlendo aliyense.

Zaka zaposachedwapa kwabwera mtundu wina, timachubu ta pulasitiki ta mitundumitundu, tosatsegula, tosatsuka. Kakatha umangotaya. Umatipeza m'ngalande, kuseri kwa mabara, pamene magalimoto amaima pamalire. Apongozi atatola koyamba anakang'amba ndi mpeni, nkupeza kuti m'kati muli bateriya yabwinobwino, yotheka kutchajidwa. Zinawapweteka mtima kuposa mmene ndinkayembekezera. Anaigwira m'manja nthawi yaitali, nati sakumvetsa munthu amene amapanga chinthu chamoyo chotere kuti chikatayidwe m'matope.

Tsopano akalamba, kumunda amapita mwa apo ndi apo, ndipo mawotchi obwera nawo achepa. Nthawi yambiri amakhala akupanga tinyali. Amatenga mabateriya a m'timachubu tija, timababu ta matochi akufa, kachipangizo kotchajira ka m'mawayilesi ang'onoang'ono otayidwa, nkuziika m'botolo la pulasitiki kapena m'kachitini ka sardinya. Bateriya yotupa kapena yobooka saigwiritsa, amaiika m'ndowa ya mchenga kutali ndi nyumba. Tinyalito amapatsa anthu a kuminda, ndipo tiwiri ndinapita nato kwa achibale athu amene anasamutsidwa kuchoka ku Malabwe chifukwa cha mgodi.

Wotola ndine. Ndimayenda ndi jumbo m'galimoto, ndipo ndikaona kachubu pansi ndimaima. Ku Moatize alipo amene amandiyang'ana modabwa, bambo wamkulu ndi imvi zake akuwerama m'ngalande. Mayi wina wogulitsa pabaraka, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, anandimvera chisoni mpaka anafuna kundigulira katsopano. Nditamulongosolera, anayamba kundisungira m'katoni.

Mwezi watha ndinapita kwa apongozi ndi timachubu khumi ndi kamodzi. Maso awo sakuonanso bwino manambala a pa kamita, ndiye iwo ankagwira timawaya, ine nkumawerenga. Mabateriya atatu anali abwino, imodzi inali yokayikitsa, otsalawo anali akufa. Yokayikitsayo anaiyika payokha, anati aiyesanso mawa. Kenako anandipempha kuti ndiwagwirire kachitini, chifukwa panali mayi wina wa kuphiri amene anamulonjeza nyali Lachisanu.